Valavu Pamfundo ya Chitenje

Cornelius anagwada ndi pampu m'manja kuti apope tayala la kumbuyo, lomwe linali litaphwa mpaka pansi, koma kapaipi ka pampu kanasowa pomanga. Valavu panalibe.

"Amake Tiyamike! Valavu ya njingayi yapita kuti?"

Elube, mkazi wake, anali pambali pa nyumba akutsuka mbale. Anayankha osatembenuka.

"Mukundifunsa ine ngati ndimakwera njinga?"

"Dzulo madzulo inalipo. Njingayi ndinaitsamiritsa ndekha pakhonde pano. Valavu yamera miyendo usiku umodzi?"

"Mwina ana a m'mudzi muno. Mukudziwa mmene amaseweretsera zinthu."

Elube anali munthu wosadziwa kunama. Akanama mawu ankamutuluka opyapyala, ndipo chomwe anali nacho m'manja ankachibwereza kawirikawiri. M'mawa umenewo mbale imodzi inatsukidwa mpaka kunyezimira, chifukwa valavuyo inali pamfundo ya chitenje chake.

Uthenga unali utafika mbandakucha woti lole ya feteleza wa makuponi yatsitsa katundu padepoti ya ku Chulu. Aliyense ankadziwa mmene zinkakhalira zaka zimenezo. Lole ikabwera lero, mawa unkakapeza fumbi lokha pansi pa shedi, makuponi ako ali m'thumba, ndipo lole ina inkadzafika chimanga chitachita kale chikasu. Njinga zonse za m'mudzimo zinali zitapita kale, moti panalibe ngakhale kobwereka valavu.

Nanga mkazi wanzeru zake abisirenji valavu tsiku lotere? Nkhani yake inali ya Wyson, mkulu wake wa Cornelius wa bere limodzi, amene anamwalira dzinja lapitalo. Matenda a Wyson anayamba ngati masewera. Poyamba ankachita befu pachitunda, kenako popita kuchimbudzi, kenako ali chikhalire pampando. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinakana. Ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada ankabanika. Kuchipatala cha kuboma ananena kuti ndi mtima. Elube ndiye ankasinthana ndi mkazi wa Wyson pomudwazika, ndipo kupuma kwa mlamu wakeyo sikunamuchoke m'makutu.

Ndiye Lolemba la sabata imeneyo, akupita kukathyola masamba a maungu, anamva kupuma komweko kuseri kwa chigafa cha fodya. Atasuzumira anaona mwamuna wake atawerama, manja atagwira mawondo, pakamwa yasa. Makeni awiri othirira anali pansi. Cornelius anali atatha kuthamanga nawo kuchokera kuchitsime kukathirira mbande za fodya panazale dzuwa lisanakule. Ntchito inali itatha, munthu anali chiimire, koma mpweya unkamukanabe. Ndipo atawerama choncho ankafanana ndi Wyson mpaka khosi.

Elube anabwerera chosatembenuka, masamba osathyola. Sanamufunse kanthu. Akanafunsa akanangouzidwa kuti "ndili bwino", monga amayankhira amuna onse. Wyson nayenso anali bwino mpaka tsiku lomwe anamunyamula pamachira. Choncho atamva za lole, n'kuganiza za matumba awiri pakaliyala ndi chitunda cha pambuyo pa dambo, anadzuka mwakachetechete n'kumasula valavu. Mpweya utatuluka m'tayalamo, mtima wake unakhalako pansi.

"Ingopitani wapansi," anatero uku akupukuta manja. "Pang'onopang'ono, musathamange. Paja a Lazaro, akulu a mpingo aja, apita ndi ngolo?"

"Apita kalekale. Amene wabweretsa uthenga uja wakumana nawo panjira."

"Ndiye basi. Pobwera mukakweze matumbawo pangolo. Akagone kwa a Lazaro konko kutsidya, mawa tikatute pang'onopang'ono ndi ndowa."

Cornelius anaimirira n'kumuyang'ana mkazi wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Feteleza ndi ndowa? Wasanduka madzi? Lero mwandikonda bwanji, amake Tiyamike?"

"Ndakukondani lero lokha?"

Anaganizako zoikankha njingayo kuti akagule valavu ku Chulu, koma anadziwa kuti ulendo wonsewo tayala lili lophwa, limu ikanadya chubu. Anaikankhira m'nyumba, n'kusisita thumba la malaya momwe munali makuponi, n'kuuyamba wapansi. Elube anamuperekeza ndi maso mpaka anawoloka kamlatho ka mitengo ka padambo. Ankayenda bwinobwino, ndipo Elube anadziyamikira mumtima kuti wachita zanzeru.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe sanachiganizire bwino. Mwamuna wa kuno sagoneka feteleza wa makuponi pakhomo pa mnzake, ngakhale mnzakeyo akhale mkulu wa mpingo.

Chakumasana kunayamba kuda. Mitambo inasonkhana kum'mawa, mphepo n'kuyamba kununkhira fumbi lonyowa. Elube anali akuwola ufa womwe anayanika pamkeka pamene anaona ngolo ya a Lazaro itaima kutsidya kwa dambo, pamkuyu pamene msewu wa ngolo umapatukira. Ngolo sinkatha kuwoloka kamlatho kaja. Anaona anthu awiri akutsitsa matumba awiri oyera, ngolo n'kupitirira mofulumira kuthawa mvula. Kenako anaona munthu wotsalayo akudzikweza thumba limodzi paphewa.

"Ayi," anatero Elube chapansipansi. "Ayi, ayi, ayi."

Cornelius sanayende. Anathamanga. Anawoloka kamlatho thumba lili paphewa, miyendo ikupindika, n'kuyamba kukwera chitunda cholunjika kunyumba. Elube anataya lichero n'kukamuchingamira.

"Tulani pansi! Bambo a Tiyamike, tulani!"

Anamudutsa ngati sakumumva n'kukaliponya thumbalo pakhonde.

"Lang'ambika ili... msomali wa pangolo... feteleza wobereketsa akanyowa... asungunuka."

"Ndiye khalani pansi tsopano!"

"Linalo lili lokha panjira!"

Anatsikanso chothamanga. Madontho oyamba, akuluakulu, anayamba kumenya malata. Elube anaima pakati pa bwalo manja ali kumutu. Njinga ikanakhalapo, mwamuna wakeyo akanamangirira matumba onse awiri n'kukankha ulendo umodzi, akupuma pomwe wafuna. Iye mwini ndiye anamuchotsera njinga n'kumusiyira phewa. Mfundo ya pachitenje ija inayamba kumulemera.

Ulendo wachiwiri Cornelius anakwera chitundacho akudzandira, mano ali pamtunda, misempha ya m'khosi itatuluka. Anafika pakhonde mvula itangoyamba kukhuthuka, ndipo iye ndi thumba anagwera limodzi.

"Bambo a Tiyamike!"

Anagona chafufumimba pamwamba pa matumbawo, nthiti zikukwera n'kutsika, mpweya ukulira pakhosi. Miyendo inkanjenjemera yokha. Elube anamutembenuza, n'kumumasula mabatani a malaya, n'kumukupiza ndi chitenje.

"Yankhulani! Mukumva bwanji?"

"Miyendo... ikuyaka moto..."

Elube anadikira kuti kupumako kutsike. Katundu anali atatula, kuthamanga kunali kutatha, nanga mpweya unkafuniranji kuchuluka chotere? Koma sikunatsike. Kunali kupuma kwa kuseri kwa chigafa kuja, kupuma kwa Wyson masiku ake otsiriza. Mantha anamugwira. Anaona mwamuna wake akukweza dzanja ngati akufuna kunena kanthu, koma iye sanadikirenso. Analumphira mumvula.

Anesi, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ankakhala m'nyumba ya pafupi ndi sukulu, kuseri kwa chitunda china. Elube anali asanathamangepo chichokereni kusukulu, koma tsiku limenelo analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Patapata imodzi inatsalira m'matope, sanaitole. Anadutsa m'munda wa eni, kulumpha mizere. Pokwera chitunda ntchafu zinayamba kutentha, m'kamwa munawawasa, miyendo inalemera ngati yamangiriridwa miyala, koma anaikakamizabe.

Anamupeza Anesi pakhonde akutchera ndowa kumadzi a padenga. Anali mayi wachitsikana, wamtali, yemwe Loweruka lililonse ankaphunzitsa atsikana mpira wa ntchemberembaye pabwalo la sukulu.

"Amake Tiyamike! Kwagwanji?"

Elube anakumbatira mzati wa khonde. Anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Anawerama, manja n'kugwira mawondo.

"Khalani pansi apa. Wodwala ndi inuyo?"

Elube anapukusa mutu.

"Abambo... kunyumba... mpweya... ngati a Wyson."

Anesi sanafunsenso zambiri. Matenda a Wyson ankawadziwa, paja ndiye anawalembera kalata yopita kuboma. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chake ndi njinga.

"Kwerani kumbuyo. Gwirani zolimba."

Anazungulira njira ya kutchalitchi yomwe inali ndi mchenga, kupewa matope. Njira yonse Anesi ankamva mpweya wa Elube ukumupemerera pamsana, wefuwefu, ngakhale mayiyo anali atangokhala pakaliyala osachita kanthu. Podutsa patchalitchi kupumako kunali kutayamba kutsika. Pofika pamjigo kunali kutatheratu. Mwini wake sanazindikire n'komwe, pakuti ankangopemphera chamumtima kuti akamupeze mwamuna wake akadali wamoyo.

Atafika, pakhonde panalibe munthu. Matumba nawo panalibe. Elube anaima pakhomo, akuopa kulowa. Anesi ndiye anakankha chitseko.

Cornelius anali atakhala pampando wachikopa pakati pa nyumba. Matumba anali atawasanja kale panjerwa kuti asakoke chinyontho. M'dzanja limodzi munali singano yosokera mabelo a fodya, m'dzanja lina munali bango lodyedwa mbali imodzi. Ankapuma ngati munthu amene wangodzuka kutulo ta masana.

"Nanga munathawira kuti?" anafunsa, ulusi wa mango uli m'mano. "Ndimakukodolani kuti mundipatse madzi akumwa, inu mwalumphira mumvula. Aa, alangizi, takulandirani. Mvula yonseyi?"

Elube anangokhala pansi pomwepo, pachitseko, madzi akudontha m'chitenje. Analira. Sikunali kulira kwa maliro, kunali kulira kwa munthu amene wamasulidwa chingwe chomwe chinam'manga masiku ambiri. Kenako mkwiyo unabwera, monga umachitira mantha akachoka.

"Mukudya mango? Ine ndafera panjira, inu mukudya mango?"

"Nanga ndikanadya chiyani? Chichokereni m'mawa ndili pamzere."

Anesi anaseka, koma chikwama anachitsegulabe.

"Tisaseke kaye tisanaone. Bambo, tambasulani mwendo."

Anadina pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu n'kuchotsa. Sipanatsale dzenje. Anadina linalo, chimodzimodzi. Anagwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima, maso ali pawotchi, kenako anayang'ana mmene chifuwa chinkakwerera.

"Pogona mumagona bwanji? Chagada mumatha?"

"Amagona chagada, mkonono uli pamwamba," anayankha Elube akupukuta misozi. "Nkhuku zimadzidzimuka."

"Mumadzuka chifukwa chobanika? Kutsokomola? M'chifuwa mumapweteka mukamagwira ntchito?"

"Ayi," anatero Cornelius.

"Mukamayenda bwinobwino, popanda katundu, mpweya umakuvutani?"

"Lero ndayenda wapansi mpaka ku Chulu ndikuimba nyimbo."

Anesi anatseka chikwama n'kukhala pathumba la feteleza. Cornelius analiyang'ana thumbalo ndi diso la nkhawa.

"Koma alangizi," anatero Elube, "ine ndinaona ndi maso angawa. Munthu watula katundu, wagona pansi, sakuchita kanthu, koma mpweya osabwerera. Lolemba zinachitikanso kuseri kwa chigafa. Kupuma kotero ndikukudziwa ine. Ndinakumvera miyezi yambiri m'nyumba ya alamu."

Cornelius anasiya kutafuna.

"Munandiona kuchigafa?"

Anesi anatembenukira kwa Elube.

"Ndikufunseni inuyo. Mutafika pakhonde panga paja, munali mutaima kapena mukuthamangabe?"

"Ndinali nditaima."

"Munatha kuyankhula?"

Elube anapukusa mutu.

"Munagwira mawondo, pakamwa yasa. Ndinatsala pang'ono kukugonekani pamphasa n'kuyamba ndi inuyo. Pakaliyala munangokhala, wopalasa ndinali ine, koma munandipemerera pamsana mpaka patchalitchi. Ntchafu zinkamva bwanji?"

"Zinkatentha."

"Pano?"

Elube anaika dzanja pachifuwa pake, ngati akufuna kufunsa chifuwacho. Chinali phee.

"Ndiye nanunso tikulembereni matenda a mtima?"

Cornelius anaseka mpaka bango linagwa pansi. Elube anamuyang'ana ndi diso loti aleke, koma iye mwini milomo inali itayamba kugwedera pofuna kuseka.

"Zimakhala chonchi," anatero Anesi. "Minofu yathuyi imatulutsa mphamvu kuchokera m'chakudya, ndipo kuti itero bwinobwino imafuna mpweya umene magazi amabweretsa kuchokera m'mapapo. Ukamayenda, kapena kulima mwachifatse, mpweya umafika wokwanira, n'chifukwa chake munthu amatha kulima m'mawa wonse. Koma ukanyamula thumba n'kuthamanga nalo pachitunda, minofu imafuna mphamvu yochuluka nthawi yomweyo, kuposa mmene mtima ungathamangitsire mpweya. Ndiye siidikira. Ili ndi njira ina yachangu yotulutsira mphamvu popanda mpweya."

"Popanda mpweya?" anadabwa Cornelius. "Munthu n'kugwira ntchito?"

"Kwa kanthawi kochepa chabe. Amake Tiyamike, alendo akakufikirani mwadzidzidzi nkhuni mulibe, mumatani?"

"Ndimasonkhezera mapesi."

"Amayaka bwanji?"

"Msangamsanga. Koma sakhalitsa, ndipo utsi ndi phulusa lake, kukhitchini sikulowekanso."

"Ndiye alendo akadya n'kupita, inu ntchito imakhala yatha?"

"Ithe bwanji? Kutsegula chitseko kuti utsi utuluke, kuwola phulusa, kukwecha miphika yakuda bii."

"Basi, ndi zomwezo. Njira yachangu ija imakupulumutsa pa nthawiyo, koma siikhalitsa, ndipo imasiya zowawasa m'minofu. Kutentha kwa ntchafu kuja n'kumeneko. Ukaima, thupi limakhala lisanamalize. Limayenera kubwezeretsa mphamvu yomwe yatha, kukonza zotsalira zija, kuziziritsa thupi lomwe latentha. Zonsezo zimafuna mpweya wochuluka. N'chifukwa chake munthu amapumabe wefuwefu ngakhale wakhala pansi. Ntchito ikakhala yoopsa, kupumako kumatenganso nthawi. Atsikana anga a mpira amagwa chimodzimodzi Loweruka lililonse, koma ndikangotulutsa malalanje onse amadzuka."

Mvula inali itayamba kuchepa padenga. Elube anayang'ana pansi.

"Nanga a Wyson?"

Anesi anatsitsa mawu.

"A Wyson sankathamanga ndi thumba. Mpweya unkawathera ali pampando, chifukwa mtima wawo unali utafooka, sunkathanso kukankha magazi. Ndipo kupuma kwawo sikunkabwerera, kunkangokulirakulira. Apa kusiyana kwake n'kumeneko, mayi. Musamangomvera kukula kwa kupumako. Muzifunsa kuti kwabwera munthu atachita chiyani, ndipo muzidikira muone ngati mpweya ukubwerera."

Cornelius anatola singano ija n'kuyamba kuizunguza m'zala.

"Kuchigafa kuja sindinapite kukaona fodya," anatero osayang'ana munthu. "Chimwalirireni achimwene, ndikangothamanga pang'ono n'kuyamba kupuma choncho, ndimati basi, zandipeza. Ndiye ndimakabisala kuseri kuti amake Tiyamike asamve. Ndimati anavutika kale ndi achimwene, ndiwaonjezerenso?"

"Ndiye mumadziwa mukuopa, koma n'kuthamangabe ndi thumba?"

"Nanga feteleza asungunuke ndikuona? Ndinati ngati n'kufa, ndifere pakhomo, chimanga chikhale ndi chakudya."

"Tamverani zoyankhula zake!" anatero Elube, misozi itayambiranso. "Chimanga chimenecho ndidye ndi ndani?"

Anthu awiriwa anali atagona mphasa imodzi miyezi yonseyi, aliyense atafumbata mantha omwewo, aliyense akubisira mnzake. Anesi anaona kuti apa mankhwala ake panalibe, ndipo anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa.

"Komatu ine si dokotala," anatero. "Zomwe ndaona pano sizikundiopsa. Koma poti m'banja mwanu munali matenda a mtima, Lachinayi mupite kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, akamvetserenso mtimawo ndi zipangizo zawo. Nonse awiri. Ndipo tsiku lina mpweya ukadzavuta popanda ntchito, kapena mapazi kutupa, kapena m'chifuwa kupweteka, musadzabisale kuseri kwa chigafa. Komanso bambo, zaka zapitako. Thumba lonse paphewa chothamanga, msana ndiye udzakutsutsani mtima usananene kanthu."

"Tamva, alangizi. Koma Lachinayi tidzapita bwanji? Njinga ilibe valavu. Ndinati ndigule ku Chulu, mzere unanditayitsa nthawi mpaka ndinaiwala."

Elube anayang'ana kudenga. Kenako anayang'ana kukhomo. Kenako anakoka nsonga ya chitenje chonyowacho n'kuyamba kumasula mfundo ndi mano, pakuti madzi anali ataimangitsa. Anatulutsa kachitsulo kaja n'kukaika m'dzanja la mwamuna wake.

Cornelius anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ana a m'mudzi muno," anatero pang'onopang'ono.

"Ndimati musakankhe matumba pachitunda."

"Ndiye ndawasenza paphewa."

"Ndaona. Musabwerezenso kunena, ndaona."

Anesi anatuluka akuseka mpaka anaiwala kutsanzika. Cornelius sanakalipe. Anapukuta valavuyo ndi malaya, n'kuiuzira, n'kupita kukaimanga pamalo pake. Elube ndiye anagwira njinga pamene iye ankapopa.

Lachinayi anapita, Cornelius akupalasa, Elube ali pakaliyala. Dokotala anamvetsera chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumanga lamba pamkono. Anati mtima ukugunda bwino, kungoti magazi akuthamangirapo pang'ono, achepetse mchere ndipo azibwera kudzayezetsa. Za mcherezo Cornelius anadandaula njira yonse ngati amulanda munda.

Pobwerera, atawoloka kamlatho ka padambo, Elube anati atsike kuti akwere chitunda wapansi.

"Khalani pomwepo," anatero Cornelius. "Ndikufuna ndione kanthu."

Anaimirira pamapedulo n'kuyamba kupalasa ndi mphamvu zake zonse, tcheni chikulira, njinga ikupita uku ndi uku. Anafika pamwamba n'kutsika, kutsamira chishalo, pakamwa yasa, nthiti zikukwera n'kutsika. Sanapite kuseri kwa chigafa. Anaima pomwepo, poyera, pamaso pa mkazi wake.

Mtima wa Elube unadumpha monga kale, ndipo miyendo inafuna kuthamangira kwa Anesi. Koma anaima. Anaika dzanja pamsana pa mwamuna wake n'kumvetsera. Kupumako kunali kwakukulu, kokalipa. Kenako kunayamba kutalikirana. Kunatsika, kunatsikabe, mpaka Elube anayamba kumva nkhunda zikulira mumtengo wa mango.

"Wabwerera?" anafunsa.

Cornelius anakoka mpweya wautali n'kuutulutsa bwinobwino.

"Wabwerera."

Elube sanachotse dzanja lake msanga. Kenako anagwira chiwongolero mbali imodzi, mwamuna wake mbali inayo, n'kuikankha njingayo kulowa pabwalo.